Kalata yotseguka kwa ogawa mamendulo a nkhondo: m'ndege ija munali anthu anayi

Kwa nduna yoona za asilikali m'dziko la America, akuluakulu a magulu ankhondo, aphungu a nyumba ya malamulo ya Congress, ndi nonse amene mumakhala pansi n'kugamula kuti msilikali uyu avale mendulo iti,

Olemekezeka,

Ndiyambe ndi chikalata chimene munalemba nokha, chija chimawerengedwa pamene munthu akuvekedwa Medal of Honor, mendulo yoposa zonse m'dziko lanu. Chikusimba za pa 6 Januwale 1968, pafupi ndi Chu Lai ku Vietnam. Tsikulo chigwa chinali chitakutidwa ndi nkhungu ndi utsi. Meja Patrick Brady anatsitsira helikopita yake m'nkhungumo, n'kumayenda pang'onopang'ono motsata kanjira ka m'chigwa, ndegeyo ataitembenuza cham'mbali kuti mphepo ya mapiko ake ozungulira aja izikankha nkhungu iye aone pansi. Tsiku lomwelo anakateranso pamalo otcheredwa mabomba okwirira, pamene gulu la asilikali linali litasowa potulukira. Bomba limodzi linaphulika pafupi ndi ndege. Pomwe dzuwa linkalowa n'kuti atagwiritsa ntchito ndege zitatu ndipo atatulutsa anthu 51 ovulala kwambiri. Palibe munthu wamutu wake amene angakane kuti bamboyu mendulo yake anaikhetsera thukuta.

Koma m'chikalata chomwecho muli mzere umodzi umene umandisowetsa mtendere. Umati bomba lija linavulaza anthu awiri ogwira ntchito m'ndegemo. Basi, awiri, opanda maina. Aliyense wodziwa ntchito imeneyi akudziwa kuti ndege ikatera pamalo otere woyendetsa satsika, chifukwa manja ake onse ndi mapazi omwe amakhala pa zowongolera, kudikira kunyamuka. Otsika ndi a kumbuyo. Ndiwo amaponda nthaka imene anzawo onse akuopa kusunthapo phazi, kukanyamula munthu woduka mwendo, kubwera naye m'ndege, n'kubwereranso kukatenga wina. Dzina la Brady likudziwika, ndipo m'pake. Maina a awiriwo munthu amachita kukawafufuza m'mabuku ena.

Ndalemba kalatayi chifukwa cha anthu ngati awiriwo. Dandaulo langa ndi lakuti ulemu umene mumapereka kwa opulumutsa anzawo ndi helikopita umathera pa mpando wakutsogolo, ndipo ngakhale pamenepo kawirikawiri umafika mwini wake atakalamba kapena ataikidwa kale m'manda. Sindikupempha kuti mulande wina aliyense mendulo yake. Ndikupempha kuti muziwerenga anthu onse amene anali m'ndege.

Ndege zonyamula ovulala za ku Vietnam, zimene asilikali ankaziitana pa wailesi ndi dzina loti Dustoff, zinkayenda ndi anthu anayi: oyendetsa awiri kutsogolo, kumbuyo wachipatala ndi makaniko wa ndegeyo. Zinalibe mfuti zikuluzikulu za pakhomo ngati zinzake. Chitetezo chake chinali mtanda wofiira wopentedwa pamphuno ndi m'mbali, umene mapangano a ku Geneva a 1949 amati usawomberedwe, koma amene ankakwera ndegezo ankati m'nkhalango zija unkangothandiza mdani kulunjika bwino. Gulu loyamba, 57th Medical Detachment, linafika mu 1962 ndi ndege 5 zokha za mtundu wa Huey. Pofika 1973 ndege za Dustoff zinali zitanyamula anthu pafupifupi 900,000, kuphatikizapo asilikali a South Vietnam, anthu wamba, ngakhale adani ovulala. Olemba mbiri a asilikali anu omwe anawerengera n'kupeza kuti ndege zimenezi zinkagwetsedwa ndi adani kuposa katatu poyerekeza ndi mahelikopita a ntchito zina. Ndipo ndege ikamagwa, imagwa ndi onse.

Mwambo wa ntchitoyi anauyala ndi Meja Charles Kelly. Pa 1 Julayi 1964, pafupi ndi Vinh Long, akutera kuti atenge ovulala, a pansi anamukuwira pa wailesi kuti achoke, zipolopolo zachuluka. Iye anayankha kuti achoka akatenga ovulala awo. Posakhalitsa chipolopolo chinamulasa pamtima. Mawu akewo anasanduka lamulo losalembedwa la onse a Dustoff, ndipo mumawabwereza mpaka lero pa miyambo yanu. Koma taganizani, mabwana: ponena mawuwo Kelly sankapereka moyo wake wokha. Munali anthu ena m'ndegemo amene anagwa nayo limodzi. Woyendetsa aliyense amene anatsata mapazi a Kelly zaka zotsatira ankatha kutero chifukwa chodziwa kuti anyamata a kumbuyo, ambiri a iwo ongochoka kumene pa sukulu, sabwerera m'mbuyo.

Ndiloleni ndikukumbutseni zimene zimachitika kumbuyoko, poti zikalata zanu sizizifotokoza. Nkhalango ikakhala yowirira moti ndege singatere, imaima m'malere pamwamba pa mitengo, osasuntha, poyera, aliyense wa mfuti akuiona. Woyendetsa saona pansi pake ndipo saona kumchira. Maso ake ndi makaniko, amene watsegula chitseko, watulutsa mutu ndi chifuwa panja, akumuuza kuti sunthirani kumanzere pang'ono, imani pomwepo, mchira wayandikira nthambi. Dzanja lake limodzi lili pa chingwe chachitsulo chimene chikutsika, kuchiwongolera kuti chisakodwe m'mitengo. Mphindi zimenezo zimatalika kwambiri. Munthu uja akafika pakhomo, magazi okhaokha, thupi lili lobodoka, makaniko yemweyo amamukumbatira n'kumugwetsera mkati. Wachipatala wagwada pa chitsulo choterera, akufunafuna mtsempha woti abayepo diripi ndege ikunjenjemera. Phokoso ndi loti sangamve ngati munthuyo akupuma, amangodalira maso ndi nsonga za zala. Akatula ovulala kuchipatala, makaniko amatenga ndowa ya madzi kutsuka pansi pa ndege, kenaka n'kuyamba kuzungulira, kuwerenga mabowo a zipolopolo limodzi ndi limodzi, kuona ngati palibe chimene chakhudza paipi ya mafuta. Amafulumira, chifukwa wailesi iliranso posachedwa.

Tsopano werengani chikalata cha Michael Novosel, woyendetsa ndege ya Dustoff. Bamboyu anali ndi zaka 47, ndipo anali atayendetsapo ndege zoponya mabomba za B-29 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa 2 Okutobala 1969, m'chigawo cha Kien Tuong, analowa mobwerezabwereza pamalo pamene asilikali a South Vietnam anazingidwa opanda wailesi, akuuluka motsika kwambiri kuti ovulala amuone n'kusonkhana. Anapulumutsa anthu 29. Womaliza anali atagona pafupi ndi dzenje la adani, ndipo Novosel anamuyandikira akuyendetsa ndege chafutambuyo. Ndiye kuti mbali ya ndege imene inayandikira kwambiri mfuti inali ya kumbuyo. Chikalatacho chimati pamene munthuyo ankakokeredwa m'ndege adani anawombera ali pafupi, n'kuvulaza Novosel. Ankakokeredwa ndi yani? Panali dzanja la munthu limene linatuluka pakhomo la ndege kukagwira mlendo amene silinkamudziwa n'komwe dzina. Dzanja limenelo lili ndi mwini wake, ndipo tsikulo linatambasuka maulendo ambiri.

Ndikudziwa yankho lanu, ndipo si lopanda nzeru. Mudzati wogamula kuti tilowa kapena tibwerera ndi woyendetsa wamkulu, enawo amangopita kumene ndege yapita, ndipo mendulo yapamwamba ndi ya munthu amene anali ndi mpata wokana koma sanakane. Ndikuvomera kuti mtolo wa chigamulo ndi wolemera, ndipo wosenza aulandirire ulemu wake. Koma si zoona kuti a kumbuyo alibe mpata wokana. Wachipatala angathe kukhala m'ndege n'kudikira kuti ovulala amubweretsere. Makaniko angathe kubisa mutu kuseri kwa chitsulo. Angathenso kunena mawu amodzi okha, kuti ndegeyi siili bwino, ulendo n'kuthera pomwepo popanda womuimba mlandu. Akamalumpha kuthamangira kumene kukulira mfuti, chimenecho ndi chigamulo chawo, chopangidwa ndi miyendo yawo.

Taonani za ku Korea. Pa 3 Julayi 1951, kukuda ndipo mitambo ili yotsika, John Koelsch wa asilikali a pamadzi ananyamuka ndi helikopita yopanda mfuti kukatenga woyendetsa ndege wina, James Wilkins, amene anagwetsedwa m'mapiri a North Korea atapsa kwambiri. Amene anadzipereka yekha kupita naye anali makaniko George Neal. Ndege inawomberedwa Wilkins ali pa chingwe, n'kugwa. Atatuwa anabisala masiku 9 asanagwidwe. Koelsch anamwalira ali m'manja mwa adani mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mu 1955 anakhala woyendetsa helikopita woyamba kupatsidwa Medal of Honor, mwa zina chifukwa cha kulimba mtima kwake ali mkaidi. Neal analandira Navy Cross. Imeneyi si mendulo yaing'ono ayi, ndi yachiwiri kuchokera pamwamba, ndipo ndikuyamikira kuti apa dzina la wa kumbuyo linalembedwa. Koma ulemu wina wakuti sitima yankhondo itchedwe dzina lake munaulengeza mu 2019. Neal anali atamwalira mu 2016.

Vutoli lili ndi gwero lake. Munthu woyamba kupulumutsa anzake ndi helikopita pankhondo, Carter Harman, anali yekhayekha m'kandege kake ka Sikorsky ku Burma mu Epulo 1944. Kankanyamula wokwera mmodzi basi, moti anthu anayi amene anakawapulumutsa anachita kuwatuta mmodzimmodzi kwa masiku awiri. Pamenepo kunali koyenera kulemba dzina limodzi. Ntchitoyi inasintha kalekale, inakhala ya gulu, koma kalembedwe kanu ka zikalata zaulemu kakadali ka munthu mmodzi ndi ndege yake. Onjezanipo kuti olemba malipoti ndi maofesala, ndipo munthu amaona msanga zochita za mnzake amene amadya naye tebulo limodzi. Mboni nazo n'zovuta. Wopulumutsidwa nthawi zambiri amakhala atakomoka, kapena anangoona chisoti ndi magalasi akuda, ndipo patangopita mphindi zochepa ali kale pa bedi la chipatala kutali. Ngati ndi msilikali wa dziko lina, wolankhula chinenero china, palibe amene amamulondola kukamufunsa. Gulu la ndege ndi gulu la asilikali a pansi ali ndi mabwana osiyana, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye alemba. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la nthawi: dzina liperekedwe pasanathe zaka 3 chichitikireni ntchitoyo, mendulo iperekedwe pasanathe zaka 5. Kupyola apo pamafunika Congress ichite kuvomereza mwapadera za munthu mmodziyo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa ndinu amene mwakhala mukuitana nkhalamba ku White House.

William Pitsenbarger anali mnyamata wa zaka 21, wachipatala wopulumutsa anthu m'gulu la asilikali a m'mlengalenga. Pa 11 Epulo 1966, pafupi ndi Cam My ku Vietnam, anadzipereka kutsika pa chingwe kulowa m'nkhalango momwe asilikali a pansi ankaphedwa atazingidwa. Anamanga mabala, anakweza ovulala mmodzimmodzi. Ndege yake itawomberedwa n'kuyenera kuchoka, anzake anamutsitsira chokwerera. Iye anabayibitsa dzanja kuti pitani. Anagawa zipolopolo kwa amoyo, anakokera ovulala pobisika, ndipo usiku womwewo anaphedwa. Dzina lake linaperekedwa kuti alandire Medal of Honor, koma munatsitsa n'kupereka Air Force Cross, yachiwiri kuchokera pamwamba. Amene anakana kuiwala anali anzake ndi asilikali amene anapulumuka usiku uja. Pa 8 Disembala 2000, patatha zaka 34, mendulo ija munaipereka m'manja mwa bambo ake okalamba ndi odwala, amene anamwalira mu 2002. Mukanachedwa pang'ono pokha, bamboyo akanapita osaiona.

Ed Freeman ndi Bruce Crandall, oyendetsa helikopita ku Vietnam, amene pa 14 Novembala 1965 ankalowa ndi kutuluka m'chigwa cha Ia Drang atanyamula zipolopolo ndi madzi popita, ovulala pobwera, anadikira mpaka 2001 ndi 2007. Dennis Fujii, makaniko wa Dustoff wochokera ku Hawaii, ndege yake inagwetsedwa ku Laos mu Febuluwale 1971. Ndege ina itabwera kudzatenga anzake, iye ali wovulala anaikaniza kuti isamubwererenso chifukwa ikanagwetsedwa, n'kutsala Mwamerika yekha pakati pa asilikali a South Vietnam, akumanga mabala awo ndi kulondolera ndege zankhondo pa wailesi kwa maola oposa 17. Mendulo yake yapamwamba anaivala pa 5 Julayi 2022, patatha zaka 51. Larry Taylor, usiku wa pa 18 Juni 1968, anatera ndi Cobra, ndege yankhondo ya mipando iwiri yokha yopanda malo a wokwera, zipolopolo zitamuthera ndipo mafuta ali pang'ono, kuti asilikali anayi ozingidwa akakamire pa miyendo ya ndege ndi pa zoponyera mizinga. Onse anayi anapulumuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mmodzi wa anayiwo ndiye anatha zaka akusonkhanitsa umboni ndi kugogoda pa maofesi anu. Taylor anavekedwa pa 5 Seputembala 2023. Mu Januwale 2024 anamwalira. Mendulo imene anaidikira zaka 55 anakhala nayo miyezi yosakwana 5.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo n'zoona, milandu imeneyi sinaole. Koma mboni zimafa, makolo amafa, ndipo amene amapambana pamapeto ndi okhawo amene ali ndi mnzawo wamakani, wodziwa kulemba makalata ndiponso wotha kufikira phungu. Makaniko amene anabwerera kwawo mwakachetechete, wopanda womulankhulira, fayilo yake palibe adzaitsegule. Njira imene imadalira mwayi wotere siyenera dziko limene limanyadira kuti silisiya msilikali wake m'mbuyo.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna muikhalire pansi, chifukwa mmenemo woyendetsa ndege anachita chimene inu munayenera kuchita. Pa 16 Malichi 1968, Hugh Thompson wa zaka 24 ankauluka ndi kandege kakang'ono kofufuza pamwamba pa mudzi wa My Lai ku Vietnam, ali ndi anyamata awiri: Lawrence Colburn wa zaka 18 pa mfuti, ndi makaniko Glenn Andreotta wa zaka 20. Anaona mitembo ya amayi, ana ndi nkhalamba, ndipo anazindikira kuti opha ndi asilikali anzawo. Thompson anateretsa ndege pakati pa asilikaliwo ndi anthu amene anabisala m'dzenje, n'kuuza anyamata ake kuti akaona anthuwo akuwomberedwa, awombere owomberawo. Anatsika yekha, anawatulutsa anthuwo, n'kuitana ndege zina kudzawanyamula. Pochoka, Andreotta anaona china chikusuntha m'ngalande yodzaza mitembo. Anatsika, analowa m'ngalandemo, akuponda pakati pa mitembo, n'kutulukamo atanyamula mwana wamoyo. Anamuthamangitsira kuchipatala ku Quang Ngai. Tsikulo anthu mazanamazana anaphedwa, ndipo chikumbutso cha pamudzipo chili ndi maina 504.

Munawachitira chiyani atatuwa? Poyamba munapereka mamendulo okhala ndi zikalata zabodza, zonena ngati anapulumutsa anthu pakati pa nkhondo yolimbana ndi adani, ndipo Thompson yake anaitaya. Choonadi chitaululika, iye ndiye anasanduka wolakwa m'maso mwa ambiri. Phungu wamkulu wa komiti yoona za asilikali, Mendel Rivers, ankafuna kuti Thompson ndiye alangidwe. Anthu ankamuopseza kuti amupha. Andreotta sanazione zimenezi, anaphedwa pa 8 Epulo 1968, patangotha milungu itatu. Patapita zaka 30 munaganiza zopereka Soldier's Medal, mendulo ya chamuna chosakhudza kumenyana ndi mdani, kwa Thompson, yekha, mwakachetechete. Iye anakana. Anati ailandira pokhapokha iperekedwe poyera, ndiponso Colburn ndi Andreotta apatsidwe yomweyo. Ndi mmene zinachitikira mu Malichi 1998, pa chipupa cha chikumbutso cha ankhondo a ku Vietnam mu Washington. Munthu amene anali pa mpando wakutsogolo ankadziwa bwino lomwe amene analowa m'ngalande. Oyendetsa ndege ambiri amadziwa. Brady yemwe uja watha zaka zambiri akulankhulira a Dustoff onse. Amene amachedwa kumva ndinu a m'maofesi.

Nkhani ya My Lai ikuphunzitsanso china chimene sindingachilumphe. Mamendulo anu apamwamba amafuna kuti munthu aonetse chamuna polimbana ndi mdani. Nanga woika moyo wake pachiswe kupulumutsa anthu wamba m'manja mwa asilikali a mbali yake yomwe? Ameneyo amakumana ndi mfuti kutsogolo, ndi chidani cha anzake moyo wake wonse. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kumeneku n'kosowa kuposa kwina konse, ndipo msilikali wachinyamata amene akuphunzira ntchito lero ayenera kuona ndi maso kuti dziko lake limakuika pamwamba.

Musanene kuti malamulo a mamendulo sasinthika. Dziko la Britain linali ndi mwambo woti ofesala akaonetsa chamuna m'ndege alandire Distinguished Flying Cross, pamene msilikali wamba wochita zomwezo m'ndege yomweyo alandire ina yotchedwa Distinguished Flying Medal. Mu 1993, John Major ali nduna yaikulu, tsankho limenelo linathetsedwa, mendulo inakhala imodzi kwa onse. Ndipo kumeneko Michelle Goodman, amene mu Juni 2007 anateretsa helikopita ya Merlin usiku pakati pa fumbi ndi mizinga mu mzinda wa Basra kukatenga msilikali wovulala, anapatsidwa ulemu wake chaka chotsatira, kukhala mayi woyamba kulandira mendulo imeneyo. Zimatheka kuchita zinthu munthu akadali ndi mphamvu zake.

Ndikudziwa kuti mu Seputembala 2024 munakhazikitsa lamulo lopereka Congressional Gold Medal kwa onse a Dustoff a ku Vietnam, oyendetsa, achipatala ndi amakaniko pamodzi. Zikomo, munachita bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anayi onse anatchulidwa mofanana. Koma ndi mendulo imodzi ya anthu zikwizikwi, yokasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale, yobwera patatha zaka 51 ndege yomaliza itachoka. Mdzukulu wa wachipatala uja sangailoze n'kunena kuti iyi ndi ya agogo anga, chifukwa cha zimene anachita tsiku lakuti, pamalo akuti.

Tsono pempho langa lalikulu ndi ili. Dzina la woyendetsa helikopita likaperekedwa kuti alandire mendulo chifukwa chopulumutsa anthu, fayilo imeneyo isayende mpaka mutalembedwa maina a onse amene anali m'ndege, ndi zimene aliyense anachita. Sindikuti onse alandire mendulo yofanana, chifukwa nthawi zina mmodzi amachitadi zoposa. Ndikuti aliyense ayesedwe payekha, ndipo ngati wa kumbuyo wapatsidwa yocheperapo kapena sanapatsidwe kanthu, wina alembe chifukwa chake n'kusainira dzina lake. Chikalata chowerengedwa pa mwambo chitchule onse. Kuwerenga maina anayi sikutha ngakhale mphindi imodzi.

Umboni utengedwe zinthu zikadali zaziwisi. Masiku ano mawu a pa wailesi amajambulidwa, ndege zambiri zili ndi makamera, ndipo chipatala chimalemba nthawi imene wovulala aliyense wafika. Pakhale munthu amene ntchito yake ndi kusonkhanitsa zimenezi m'milungu yoyambirira, kufunsa a pansi ndi a m'ndege, kulondola opulumutsidwa akachira, ndi kupeza womasulira ngati mboni ndi ya dziko lina. Mu 2009 nduna yoona za asilikali, Robert Gates, inalamula kuti wovulala ku Afghanistan azifika pa tebulo la opaleshoni pasanathe ola limodzi, ndipo miyoyo yambiri inapulumuka. Ola limenelo ankalilipira ndi a m'ndege, ponyamuka usiku, m'fumbi, kukatera pamene mfuti zisanazizire. Ngati munatha kuwerenga mphindi zawo, mungathenso kulemba ntchito zawo. Anthu amenewa akadali achinyamata, mboni zawo zikadali moyo, makolo awo akadalipo.

Lamulo la zaka 3 ndi 5 lija lisagwire ntchito pamene kuchedwa kunachokera kwa inu, monga fayilo kutayika kapena mabwana kusalemba. Ndipo za ku Korea ndi ku Vietnam musadikire kuti nkhalamba zizichita kukugogoderani. Munachitapo kale kafukufuku wobwereza mafayilo a asilikali amene analumphidwa chifukwa cha mtundu wawo kapena chipembedzo chawo, ndipo mu 2014 anthu 24 anapatsidwa Medal of Honor tsiku limodzi, ambiri a iwo atamwalira kale. Chitaninso chimodzimodzi kwa a mpando wakumbuyo. Poyambira pake m'posavuta: tengani chikalata chilichonse cha woyendetsa helikopita amene munamupatsa mendulo yapamwamba chifukwa chopulumutsa anthu, mufufuze buku la ulendo wa ndegeyo, muone amene anakwera tsikulo ndi chimene anapatsidwa.

Yambani ndi cha pa 6 Januwale 1968. Pezani awiri aja amene bomba linawavulaza pafupi ndi Chu Lai. Ngati ali moyo, aitaneni. Ngati anatisiya, itanani ana awo, muwawerengere mokweza zimene bambo awo anachita tsiku limenelo.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi mwa owerenga zikalata zanu